Ucidakwa ndi matenda: mmene banja lingathandizile wodwala

Mabanja ambili muno m'Zambia ali ndi mwana, bambo kapena mai amene anagwidwa ukapolo ndi mowa, camba kapena mankhwala ena osokoneza bongo. Kawilikawili acibale amayamba ndi kumukalipila, ena amamutsekela m'nyumba, ndipo akatopa amamupitikitsa pakhomo. Koma azaumoyo amaona cizolowezi cimeneci monga matenda amene ali ndi thandizo lake.

Vutoli si laling'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'caka ca 2019 mowa unacititsa imfa za anthu 2.6 miliyoni. Kuno kwathu, boma linaletsa tujilijili m'caka ca 2012, koma kacasu ndi mowa wina waukali wochipa ukali kupezeka m'makomboni ndi m'midzi.

Munthu akamwa kwambili kwa nthawi yaitali, bongo wake umazolowela kugwila nchito muli mowa. Ici ndiye cifukwa cake kungolonjeza kuti waleka sikukwanila. Ndiponso kuleka mwadzidzidzi kuli ndi ngozi. Pasanathe tsiku limodzi cilekele kumwa, wodwala angayambe kunjenjemela, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. Patsiku laciwili kapena lacitatu, ena amasokonezeka maganizo ndi kuona zinthu zimene palibe, ndipo ena amagwa ngati akhunyu. Apa m'pamene mabanja ena amaganizila za ufiti, m'malo mothamangila kucipatala. Zizindikilo zotele zingathe kupha munthu, conco womwa kwambili ayenela kuleka moyang'anilidwa ndi adokotala.

Poyambila ndi pa kiliniki yapafupi, pamene azaumoyo amapima wodwala ndi kumutumiza kucipatala cacikulu ngati kuli kofunika. Cipatala ca Chainama Hills mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962, cimathandiza odwala otele. Kupita ku Chainama sikutanthauza kuti munthu ndi wamisala, ndipo lamulo la zaumoyo wa maganizo la m'caka ca 2019 limateteza ulemu ndi ufulu wa odwala.

Bungwe la Drug Enforcement Commission limadziwika ndi kugwila ogulitsa mankhwala oletsedwa, koma lilinso ndi aphungu amene amalangiza ogwilitsa nchito mankhwalawo pamodzi ndi makolo ao. Palinso magulu monga Alcoholics Anonymous, limene linayamba ku America m'caka ca 1935, mmene anthu ofuna kuleka mowa amakumana ndi kulimbikitsana. Ana amene akuvutika panyumba angaimbe foni mwaulele pa 116, ndipo ocitilidwa nkhanza pa 933.

Nanga banja licite ciani? Nthawi yabwino yokamba ndi wodwala ndi pamene sanamwe, pambali, osati pamaso pa ana kapena alendo. Mau amphamvu ndi ochula zimene zinacitikadi, monga ndalama za sukulu zimene zinathela kumowa, m'malo momuchula maina onyoza. Munthu amene iye amamulemekeza, monga amalume, nkhoswe kapena mtsogoleli wa mpingo, angathandize kuti nkhaniyo imveke.

Cikondi sicitanthauza kubisa. Kumulipilila nkhongole zakumowa, kumunamila kunchito kuti wadwala malungo, kapena kumupatsa ndalama m'manja kumangotalikitsa matendawo. Ndi bwino kumugulila cakudya, kumupelekeza kucipatala ndi kucotsa mowa m'nyumba. Ngati wayamba kumenya, citetezo ca mkazi ndi ana ciyenela kukhala patsogolo.

Ambili amene akucila amabwelelanso kumowa kamodzi kapena kangapo, makamaka pamalilo, pacikwati kapena akalandila malipilo. Izi sizitanthauza kuti thandizo lalephela. Cofunika ndi kubwelela msanga kwa aphungu ndi kuona cimene cinamugwetsa. Nayenso wosamalila wodwala amalema, conco ayenela kugawana mtolowu ndi acibale ena, pakuti kucila kumatenga miyezi, nthawi zina zaka.