Mwezi wa Angerezi, Nkhuyu za ku Spain

Mngerezi akafuna kunena za chinthu chimene chimachitika mwa kamodzikamodzi, amati chimachitika "once in a blue moon", ndiko kuti pamene mwezi waoneka wabuluu; ndipo ngakhale ambiri lero amati mwezi wotere ndi umene umawala wathunthu kachiwiri m'mwezi umodzi wa pakalendala, chinthu chochitika pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, tanthauzo limeneli linafalitsidwa ndi magazini ya Sky & Telescope mu 1946, mawuwo atakalamba kale m'kamwa mwa anthu.

Womasulira wopupuluma adzalemba "luna azul" m'Chisipanishi, nadzayesa kuti ntchito yatha, pamene mlimi wa ku Extremadura ku Spain, atamva mawuwo, adzangoganiza za mtundu wa mwezi, osazindikira konse kuti akuuzidwa za mlendo wosowa. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekha adzatchera khutu, nadzamva kuti anthu a ku Spain amawerenga kutalika kwa nyengo ndi mkuyu wa m'munda mwawo, pakuti ilipo mikuyu yobala kawiri pachaka: nkhuyu zoyamba kucha, zotchedwa "brevas", zimathyoledwa cha mu Juni, ndipo zinzake, "higos", zimadza mu Ogasiti ndi Sepitembala, chotero wonena kuti "de higos a brevas" akunena za miyezi yonse ija imene mtengo umayoyola masamba, nuima wouma m'chisanu, kufikira utabalanso. Awa ndiwo mawu amene ine ndiwakonda koposa, chifukwa nkhuyu zoyamba kuchazo ndi zomwe Yeremiya anazitchula m'chaputala 24, pofanizira nkhuyu zabwino zimene anaziona mu dengu.

Opembedza amati "de Pascuas a Ramos", kuchokera pa Pasaka kufikira Lamulungu la Kanjedza. Ndipo popeza Kanjedza imatsogola Pasaka ndi sabata imodzi yokha, woyambira pa Pasaka ayenera kudikira pafupifupi chaka chathunthu.

Koma Chisipanishi si cha dziko limodzi. Ku Argentina ndi maiko oyandikana nako kumamveka kwambiri "cada muerte de obispo", nthawi iliyonse pamene bishopu wamwalira, pakuti mabishopu ndi owerengeka ndipo maliro awo sabwera kawirikawiri. Motero womasulira, asanagwire cholembera, ayambe wafunsa ngati buku lomwe akumasuliralo likupita ku Madrid kapena ku Buenos Aires.