Nkhungu Pakhoma, Chuku m'Chimanga

Mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale, nyumba zambiri kuno ku Angónia zimayamba kununkha chinyezi. Pakhoma pamatuluka mawanga akuda. Mphasa, nsapato ndi zovala za m'bokosi zimatuwa ngati zathiridwa ufa. Imeneyi ndi nkhungu.

Nkhungu ndi chinthu chamoyo. Mbewu zake n'zazing'ono kwambiri, sitingazione, ndipo zimauluka ndi mphepo. Zikagwera pouma sizimera. Zikagwera ponyowa zimamera pasanathe masiku atatu. N'chifukwa chake kupukuta kokha sikuthandiza. Tikapukuta lero khoma likadali lonyowa, sabata yamawa nkhungu yabweranso.

Choncho tiyambe ndi kufunsa kuti madzi akulowera pati. Kodi denga likudontha? Tifolerenso. Kodi madzi amajejema m'mbali mwa nyumba? Tikumbe ngalande, tikwezenso khonde. Ambirife tinatseka mazenera ndi njerwa kapena nsanza poopa kuzizira. Tiwatsegule masana, anzathu, kuti mphepo idutse. Zovala zonyowa tisayanike m'chipinda chogona.

Tikatero ndiye tichotse nkhunguyo. Timange kansalu pamphuno ndi pakamwa, chifukwa fumbi lake limayambitsa chifuwa, makamaka kwa ana ndi odwala mphumu. Khoma la simenti titsuke ndi sopo. Ngati tili ndi Javel, tithire kapu imodzi m'malita 4 a madzi, osasakaniza ndi mankhwala ena, chitseko chili chotsegula. Khoma ladothi tipale pamene pada, tidikire liume, kenaka tipake njereza. Mphasa ndi zofunda tiyanike padzuwa.

Koma choopsa kwambiri chili m'matumba athu. Nkhungu ikagwira chimanga kapena mtedza timati chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Poizoniyu safa ndi moto. Kaya tiphike nsima, kaya tikazinge mtedza, amakhalabe momwemo. Mu 2004, ku Kenya, anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Ena amati, "Chowolacho tipatse nkhuku, kapena tifulule mowa." Ayi ndithu. Ziweto nazo zimadwala, ndipo ng'ombe ikadya, poizoni amafika mumkaka. Chimanga cha chuku tichisankhe, tichikwirire m'dzenje lakuya.

Chimanga chisalowe m'thumba chisanaume. Tingadziwe bwanji kuti chauma? Titenge botolo lagalasi louma bwino, tithiremo chimanga ndi mchere wouma pang'ono. Titseke, tikhutchumule, tidikire pang'ono, tikhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi. Chibwerere padzuwa, pamphasa, osati padothi. Ndipo chizolowezi chija chowaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga tichileke. Ndi chimene chimaitana chuku.

M'nyumba mwathu ngakhalenso mosungira mbewu za koperativa, matumba asagone pansi. Tiyale njerwa, pamwamba pake mitengo kapena matabwa, ndiye tisanje matumba. Asatsamire khoma: tisiye mpata woti munthu adutse. Pamsonkhano wa koperativa tisankhe anthu awiri oti sabata iliyonse ya m'dzinja azitsegula chitseko, kununkhiza, kuyang'ana denga, ndi kupisa dzanja m'matumba apansi. Thumba likamveka lofunda kapena la fungo, lituluke padzuwa tsiku lomwelo.