Mayina a munthu wopusa

Ophunzira a pa Mzimba ndi ku Embangweni amadziwa mawu a Chitumbuka akuti chindere. M'Chichewa mawu otere ndi ambiri, koma amasiyana matanthauzo. Chitsiru ndi munthu wochita zinthu mosaganiza. Mbuli ndi wosadziwa chabe, ndipo ikaphunzitsidwa umbuli umatha. Wopepera ndi wongololera kuti anzake azimudyera masuku pamutu.

Onani kuti chitsiru ndi chidzete ndi mayina a m'gulu la Chi-Zi, momwe muli chingwe ndi chitseko. Choncho mlembi akatchula munthu choncho, wamuika pamodzi ndi zinthu wamba. Komabe makolo anati wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti wonyozekayo nthawi zina ndiye amaona ngozi poyamba.

Funso: Fotokozani kusiyana kwa uchitsiru ndi umbuli.