Choziziritsira Mafuta a Giyabokosi pa Pikiapu Zokoka Katundu ku Kabwazi

Mawu oyamba

Kabwazi ndi limodzi mwa madera a zaulimi a m'boma la Dedza. Anthu ake amalima chimanga, soya, mtedza, nyemba ndi fodya. Nyengo yokolola ikafika, mbewu zimenezi zimayenera kuchoka m'midzi kupita kumisika, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi limagwera galimoto za pikiapu. Pofuna kuti ulendo umodzi ubweretse ndalama za maulendo awiri, eni galimoto ena amamangirira ngolo kumbuyo kwa pikiapu yodzaza kale. Nthawi zina pikiapu yomweyo imakoka galimoto inzake imene yafera panjira. Kukoka kotereku kumapsereza giyabokosi pang'onopang'ono, makamaka ya otomatiki, ndipo tsiku limene yalephera mwini wake amataya chuma, alimi nawo katundu wawo n'kugona pamsewu. Nkhani ino ifotokoza gwero la kutentha kumeneku, ntchito ya kachipangizo koziziritsira mafuta a giyabokosi kamene amakaniko amakatchula kuti transmission cooler, kamangidwe kake ndi malire a thandizo lake.

Galimoto zimene nkhaniyi ikukhudza

Giyabokosi zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. Ya manyuwo ndi ija dalaivala amaponda kilatchi n'kusintha yekha magiya. Imeneyi kawirikawiri sifuna choziziritsira, chifukwa katundu akachuluka chimene chimayamba kupsa ndi kilatchi. Ya otomatiki imasintha yokha magiya pogwiritsa ntchito mafuta. Giyabokosi yotere idayamba kupangidwa mochuluka ku America ndi kampani ya General Motors, imene idaiika pa galimoto za Oldsmobile za 1940. Kale pikiapu za kumudzi zidali pafupifupi zonse za manyuwo, koma kubwera kwa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, zimene zambiri mwa izo ndi za otomatiki, kwafikitsa giyabokosi yamtunduwu m'misewu ya fumbi. Choncho mwini Toyota Hilux, Nissan Navara, Ford Ranger kapena Isuzu ayambe wadziwa mtundu wa giyabokosi yake asanaganize zogula chilichonse.

Gwero la kutentha

Akuluakulu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Giyabokosi ikafa, anthu amaloza zitsulo zosweka, koma chatsitsa dzaye nthawi zambiri chimakhala kutentha kwa mafuta.

Pakati pa injini ndi giyabokosi ya otomatiki pali chipangizo chozungulira chotchedwa torque converter. Kuti timvetse ntchito yake, tiyerekeze mafani awiri oyang'anizana. Tikayatsa imodzi, mphepo yake imazunguza inzakeyo ngakhale sizikukhudzana. Mu torque converter zimachitika chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa mphepo muli mafuta. Injini imazunguza mbali imodzi, mafuta n'kukankha mbali inayo imene imayendetsa magiya. Galimoto ikamathamanga bwino pamsewu wosalala, mbali ziwirizi zimayenda mofanana, ndipo pa galimoto zambiri zimagwirana n'kukhala ngati chitsulo chimodzi. Koma ikalemedwa, kapena ikamakwera mtunda pang'onopang'ono, mbali ya injini imathamanga kwambiri pamene inzake ikutsalira. Mphamvu yotayika pamenepo imasanduka kutentha, ndipo kutentha konseko kumalowa m'mafuta.

Mafuta a giyabokosi, amene m'mashopu amalembedwa kuti ATF, ali ndi ntchito zinayi. Amanyamula mphamvu ya injini, amafewetsa zitsulo, amakankha timakilatchi tosinthira magiya, komanso amachotsa kutentha. Amagwira bwino ntchito akakhala pakati pa madigiri 80 ndi 95 pa muyeso wa Celsius. Akapitirira madigiri 120 amayamba kupsa, n'kumasiya utomoni m'tinjira tamafuta, ndipo labala wotseka mipata amauma. Akayandikira madigiri 150 timakilatchi timayamba kuterereka. Amakaniko ali ndi chiyerekezo chakuti kutentha kukaonjezeka ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa muyeso woyenera, moyo wa mafutawo umachepa ndi theka. Choopsa n'chakuti geji ya kutentha imene dalaivala amaiona kutsogolo kwake imanena za madzi a injini, osati za giyabokosi. Galimoto zina za Toyota zili ndi nyali yolembedwa kuti A/T OIL TEMP, koma ikamayaka ndiye kuti mafuta atentha kale.

Misewu ya Dedza

Wina angafunse kuti kutentha kuvuta bwanji ku Dedza, boma lodziwika ndi kuzizira. Yankho lili m'mapiri ndi m'misewu. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Pamalo okwera chotere mpweya umakhala wopepuka, motero injini yopanda turbo imataya mphamvu, ndipo dalaivala amapondereza kwambiri kuti akoke katundu yemweyo. Mpweya wopepukawo suziziritsanso kwambiri ngati wa kuchigwa.

Kachiwiri, pikiapu yochoka m'midzi ya ku Kabwazi imayenda nthawi yaitali m'misewu ya fumbi, ya mabampu ndi matope isanatulukire mumsewu wa M1 wopita ku Lilongwe, kumene kuli misika ikuluikulu ndi okushoni ya fodya ya ku Kanengo. Pa liwiro lochepa chotero mbali ziwiri za torque converter sizigwirana, komanso mphepo yolowa kutsogolo kwa galimoto imachepa. Kachitatu, amalonda opita kunyanja amadzera msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti. Pobwerera, galimoto imakwera mtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera kuchigwa chotentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mtunda umenewu ndi mayeso aakulu kwa giyabokosi yokoka ngolo.

Momwe choziziritsira chimagwirira ntchito

Galimoto ya otomatiki imachoka kufakitale ili kale ndi njira yoziziritsira mafuta. Pa pikiapu zambiri, mapaipi awiri amachoka ku giyabokosi kupita ku rediyeta. M'kati mwa thanki ya rediyeta muli kapaipi kamene mafuta amadutsamo atazingidwa ndi madzi a injini, koma osasakanikirana nawo. Njira imeneyi imakwanira pa ntchito wamba. Vuto limabwera pamtunda, pamene madzi a injini nawonso atentha, moti chotentha chimayembekezeka kuziziritsa chotentha chinzake.

Choziziritsira choonjezera ndi karediyeta kakang'ono ka aluminiyamu kamene kamamangidwa kutsogolo kwenikweni, kumene mphepo imayamba kufika. Mafuta amadutsa m'kati mwake, mphepo n'kutenga kutenthako. Chilipo cha kapaipi kokhotakhota kodutsa m'timapepala tachitsulo, chimene n'chotsika mtengo koma choziziritsa pang'ono. Chilipo china cha timbale tosanjikizana, chimene chimaziziritsa kwambiri ngakhale chili chaching'ono, ndipo n'cholimba. Ku galimoto yoyenda pang'onopang'ono m'misewu ya miyala, chachiwirichi ndicho choyenera.

Kamangidwe kake

Ntchito yomanga imafuna makaniko wodziwa giyabokosi za otomatiki, komabe ndi bwino mwini galimoto adziwe zoyenera kuchitika kuti athe kufunsa, pakuti safunsa adadya phula.

Poyamba, makaniko aone ngati galimotoyo ilibe kale choziziritsira chotere, chifukwa pikiapu zina zimabwera nacho. Aonenso mafuta amene alimo. Mafuta abwino amakhala ofiira ndi oyera bwino. Akakhala oderapo ndi onunkha chopserera, ayambe asinthidwa. Akaoneka ngati asakanizidwa ndi mkaka, ndiye kuti kapaipi ka m'rediyeta kabooka ndipo madzi alowa m'giyabokosi. Zikatero galimoto isayendetsedwe mpaka vutolo litakonzedwa.

Chachiwiri ndi kupeza paipi yobweza mafuta ku giyabokosi. Njira yapafupi ndi kuliza injini imene idali yozizira, kulowetsa giya kwa kanthawi buleki itapondedwa, kuzimitsa injini, kenaka kukhudza mapaipi awiri aja. Yofunda ndiyo yochokera ku giyabokosi, ndipo yozizirirapo ndiyo yobwerera. Choziziritsira chimalumikizidwa pa yobwererayo, kuti mafuta azichoka ku giyabokosi, kudutsa m'rediyeta, kudutsa m'choziziritsira, n'kubwerera. Si bwino kulambalala rediyeta, chifukwa m'mawa wozizira wa mu Juni ndi Julayi madzi a injini amathandiza kufunditsa mafuta. Mafuta ozizira kwambiri amakhala olimba ndipo magiya amachedwa kulowa. Pali zoziziritsira zina zokhala ndi thermostat imene imatsekula njira pokhapokha mafuta atatentha.

Chachitatu ndi malo omangapo. Choziziritsira chikhale kutsogolo kwa rediyeta, pamene fani ingathe kukoka mphepo kudzera m'kati mwake ngakhale galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Zambiri zimagulitsidwa ndi timizati ta pulasitiki tolowetsa m'rediyeta, koma m'misewu ya mabampu timeneti timatha kukhula rediyeta mpaka kuibowola. Kumangira pa zitsulo za galimoto ndi mabawuti n'kodalirika.

Chachinayi ndi mapaipi. Agwiritsidwe ntchito a labala opangidwira mafuta otentha a giyabokosi, osati a madzi kapena a petulo wamba. Asapindike kwambiri, asakhudze ekizozi kapena lamba wa fani, ndipo amangidwe ndi makilampu olimba. Paipi ikavuka galimoto ili paulendo, mafuta onse amatha m'kanthawi kochepa.

Pomaliza, aonjezere mafuta, popeza choziziritsira ndi mapaipi ake zimatengako ena. Mafutawo akhale a mtundu umene opanga galimoto adalamula, kaya Dexron, Toyota T-IV kapena WS, chifukwa si onse ofanana. Pa galimoto zambiri zokhala ndi kandodo koyezera, mafuta amayezedwa injini ikulira, itafunda, galimoto ili pamalo osapendekeka. Pakapita masiku ochepa, makilampu aonedwenso ngati sakudontha. Pambuyo pake mwini galimoto azitsuka matope, udzu ndi tizilombo zotseka timipata ta choziziritsira.

Malire a thandizo lake

Choziziritsira sichionjezera mphamvu ya galimoto. Sichikulitsa mabuleki, masipuling'i, matayala kapena chitsulo chokokera ngolo. Pikiapu iliyonse ili ndi malire a katundu olembedwa m'buku lake. Mitundu ina yatsopano ya Hilux ndi Ranger imaloledwa kukoka makilogalamu 3,500 ngati ngoloyo ili ndi mabuleki ake, koma makilogalamu 750 okha ngati ilibe. Ngolo yopanda mabuleki yolemera yokha makilogalamu 250 ndiye kuti inganyamule matumba 10 okha a makilogalamu 50. Kupyola malire ndi kuika miyoyo pachiswe, makamaka potsika Khwekhwelere, komanso ndi kuphwanya malamulo a pamsewu. Choziziritsira sichingachizenso giyabokosi imene yayamba kale kuterereka.

Kayendetsedwe nako kali ndi gawo lake. Pokwera mtunda ndi katundu, dalaivala azimitse overdrive kapena asankhe yekha giya yotsika, monga 2 kapena L, kuti giyabokosi isamangosinthasintha. Asaimitse galimoto pamtunda poponda mafuta m'malo mwa buleki. Ikatitimira m'matope asailimbitse kupita kutsogolo ndi kumbuyo kwa nthawi yaitali. Nyali ya kutentha ikayaka, aime pambali, aike giya pa P, ndi kusiya injini ikulira pang'onopang'ono kuti mafuta azizungulira mpaka atazizira.

Mawu omaliza

Nkhani ino yaonetsa kuti mdani wamkulu wa giyabokosi ya otomatiki yokoka katundu ndi kutentha, ndiponso kuti mitunda ndi misewu ya ku Dedza imakuchulukitsa ngakhale dera lake ndi lozizira. Choziziritsira chomangidwa bwino chimateteza mafuta, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa giyabokosi ina. Mwini pikiapu wa ku Kabwazi achimange nyengo yokolola isanafike, asinthe mafuta pa nthawi yake, ndipo asapyole malire a katundu amene galimoto yake idapangidwira.