Kodi Alangizi a ku Divishoni Amadzatani Pasukulu Pathu?



Galimoto ya ku divishoni ikaima pasukulu pano, ena amanong'onezana kuti kwabwera odzagwira aphunzitsi olakwa. Si choncho ayi.

Unduna wa Zamaphunziro sungaone kalasi iliyonse uli ku Lilongwe. N'chifukwa chake dziko lino linagawidwa m'madivishoni 6 a zamaphunziro. Ife a ku Nkhamenya tili pansi pa Central East Education Division, yomwe ofesi yake ili pa Kasungu boma ndipo imayang'aniranso Dowa, Ntchisi, Nkhotakota ndi Salima.

Alangizi ochokera kumeneko amakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumamvetsera mmene tikuphunzitsira. Amaona masikimu athu, kaundula wa ophunzira komanso zotsatira za mayeso a MANEB. Kenako timakhala pansi n'kukambirana pomwe pakuvuta. Madivishoni amathandizanso kusula aphunzitsi a masamu ndi sayansi kudzera mu pulogalamu ya SMASSE, yomwe inayamba mu 2004 ndi thandizo la bungwe la JICA la ku Japan.

Koma lilipo vuto lomwe mlangizi sangalithetse. Nyengo yothyola, kusoka ndi kusankha fodya ikafika, kaundula amadzadza ndi mayina a ojomba, pomwe a Fomu 4 akuyandikira mayeso a MSCE. Mphunzitsi angasulidwe chotani, sangaphunzitse mwana amene ali m'chigafa.

Apa ntchito ndi yathu. Makolo, masulani ana m'masiku a sukulu. Akomiti, tikumbutsaneni zimenezi tikatha swala ya Lachisanu. Maphunziro a mwana ndi udindo umene Allah adzatifunsa. Insha Allah, tikagwirana manja, zipatso tidzaziona.