Katemera wa Salmonella: asayansi akufufuza pa chikopa cha bakiteriya

Mwana akatentha thupi ku Malomo m'boma la Ntchisi kapena ku Mvera ku Dowa, maganizo a aliyense amathamangira ku malungo, ndipo nthawi zambiri amakhaladi malungo. Koma pali ana ena amene amamwa LA mpaka kumaliza, thupi osazizira, chifukwa m'magazi mwawo mwalowa bakiteriya wotchedwa Salmonella. Si uja amayambitsa taifodi, koma msuweni wake. Ku Ulaya amangotsegulitsa m'mimba masiku ochepa. Kuno amalowa m'magazi mwa ana aang'ono, makamaka amene angodwala malungo kapena akunyentchera, komanso akuluakulu omwe ali ndi HIV. Mwa odwala asanu, pafupifupi mmodzi amamwalira. Kachipangizo koyezera malungo pa chala sikangamuone. Pamafunika kusunga magazi m'labotale kwa masiku angapo kuti amere.

Katemera wake sanapezeke. Wa taifodi amene ana analandira mu May 2023 sateteza ku mtundu uwu.

Ndiye asayansi akusaka pati? Malo amodzi ndi pa chikopa chakunja cha bakiteriyayo. Pa chikopachi pali mapuloteni amene amagwira ntchito ngati timakomo tolowetsera chakudya, ndipo pamwamba pake pamamera timaunyolo tatitali ta shuga tomwe timaphimba timakomoto ngati udzu wofolera. Asilikali a m'thupi akagwira pamalo oyenera, bakiteriya amafa.

Magazi a Amalawi ndi amene anathandiza kuunikira zimenezi. Mu 2010, gulu lotsogoleredwa ndi Calman MacLennan, logwira ntchito ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, linalemba m'magazini ya Science za chinthu chodabwitsa. Ena mwa anthu omwe ali ndi HIV anali ndi asilikali ochuluka zedi olimbana ndi Salmonella, koma magazi awo ankalephera kumupha. Asilikaliwo ankathamangira ku timaunyolo ta shuga tija, n'kutsekereza njira anzawo. Atawachotsa, magaziwo anayambanso kupha bakiteriya, ndipo ofufuzawo anaona kuti asilikali ogwira mapuloteni a pa chikopa amatha kupha Salmonella.

Kuti afufuze puloteni imodzi payokha, asayansi safunika kuweta bakiteriya woopsayo wochuluka. Amatenga jini, malangizo opangira puloteniyo, n'kuiika mwa bakiteriya wofatsa wa m'labotale wa mtundu wa E. coli. Iye amachulukana m'thanki uku akupanga puloteniyo, kenako amaisefa. Pa Chingerezi puloteni yotere amaitcha recombinant. Ilibe moyo, ndiye singadwalitse munthu matendawo.

Mawu akuti jini amaopsa ena, koma njira imeneyi si yachilendo kusikelo. Mu katemera woteteza ku matenda asanu, amene mwana amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14 ndipo anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2002, gawo loteteza ku hepatitis B ndi puloteni yopangidwa chomwechi, kungoti amagwiritsa ntchito yisiti. Katemera wa Bexsero, woteteza ku mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, ali ndi mapuloteni a pa chikopa cha bakiteriya opangidwa m'njira yomweyi, ndipo makanda ku Britain akhala akumulandira kuyambira 2015.

Ku Salmonella ntchito ndi yovutirapo. Puloteni ina yotchedwa OmpD inateteza mbewa za m'labotale pa kafukufuku wa ku Birmingham mu 2009, koma mbewa si mwana. Mapuloteni amenewa ali ndi maonekedwe ngati kambiya koboola pansi, ndipo akachotsedwa pa chikopa sachedwa kupindika molakwika, thupi n'kuphunzira nkhope yabodza ya mdani. Komanso mitundu iwiri yovutitsa kuno, Typhimurium ndi Enteritidis, ili ndi OmpD yosiyana pang'ono chabe, koma kusiyanako kumakwanira kufooketsa chitetezo. N'chifukwa chake ena asankha kugwiritsa ntchito tizidutswa tathunthu ta chikopa, ndipo katemera wotere anayamba kuyesedwa pa anthu ku Oxford.

Pakadali pano, ngati mwana wamaliza mankhwala a malungo koma akutenthabe, kapena wayezedwa osapezeka ndi malungo koma akufooka, bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musamugulire Bactrim pagolosale. Salmonella wofala m'magazi kuno anasiya kalekale kumva mankhwala amenewa, pamodzi ndi ampicillin ndi chloramphenicol.