Kodi ulemu wa odwala maganizo ungayezedwe?

Munthu akalowa m'chipatala, namwino amamukweza pasikelo, kumuyeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, n'kulemba zonse m'kabuku. Chimene sichifunsidwa kawirikawiri n'chakuti kodi wodwalayo akumva kuti akulemekezedwa. Kwa odwala matenda aakulu a maganizo monga schizophrenia, funso limeneli n'lalikulu, pakuti ena amafika atamangidwa zingwe, ndipo dokotala amacheza ndi gadiyani mwini matenda ali pompo, chete, ngati mwana.

Akatswiri adapeza njira zoyezera ulemu. Mu 2008, dokotala wa ku Canada, Harvey Chochinov, ndi anzake adatulutsa mafunso 25 otchedwa Patient Dignity Inventory. Adawakonzera odwala kayakaya, koma pambuyo pake adayamba kugwiritsidwanso ntchito pa odwala maganizo. Wodwala amafunsidwa ngati akudziona kuti ndi mtolo kwa ena, ngati chisamaliro chikumulanda chinsinsi chake, ndiponso ngati akadali ndi mphamvu pa moyo wake. Pa funso lililonse amasankha nambala kuyambira 1, kutanthauza kuti palibe vuto, mpaka 5, vuto lomukulira. Mayankho akaphatikizidwa, ogwira ntchito amaona pomwe pakumupweteka.

Mu 2012, bungwe la WHO lidakhazikitsa njira ina yotchedwa QualityRights, yoyeza chipatala chonse. Gulu la oyendera, momwe mumakhalanso anthu amene adadwalapo, limalowa m'mawodi kukaona zogona, zimbudzi ndi chakudya. Limawerenga mafayilo, kenako n'kucheza padera ndi odwala, achibale ndi anamwino. Kodi munthu amauzidwa dzina la jakisoni asanabayidwe? Kodi amatsekeredwa yekha m'chipinda? Akadandaula, alipo womumvera?

Izi si zongokometsera. Wodwala amene wanyozedwa sabwerera msanga kudzatenga mankhwala, ndipo akasiya mankhwala matenda amayambiranso. Wolandiridwa bwino amamasuka kunena kuti mapiritsi akumuumitsa khosi kapena kumunjenjemeretsa manja, ndipo dokotala amatha kumusinthira.

Kuno kwathu odwala otere amathandizidwa pa Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso m'zipatala za m'maboma. Dziko la Malawi lidavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, lomwe limatetezanso odwala maganizo. Kuti tidziwe ngati panganolo likufika pabedi la wodwala, mafunso ayenera kufunsidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, pamalo oduka mphepo, ndi munthu amene wodwalayo sakumuopa.

Ena amati mayankho a munthu wodwala mutu sangadaliridwe. Akuluakulu adatiyankha kale kuti wamisala adaona nkhondo. Kudwala maganizo sikumulepheretsa munthu kudziwa kuti wakalipiridwa kapena wavulidwa pagulu. Inu anamwino, madokotala ndi achibale, muitaneni ndi dzina lake, mufunseni mwini wake mmene akusamalidwira, ndipo zimene wanenazo muzilembe.